Diresi la Kuseri kwa Chitseko

Amayi aang'ono ali ndi diresi lobiriŵira limene lakhala pamsomali kuseri kwa chitseko chawo kuyambira chaka cha njala cha 2016. Mwini wake ndi mwana wawo wamkazi, mng'ono wanga, amene anachoka kwathu kufupi ndi Nsaru ali ndi zaka 16. Anatengedwa ndi mayi wina wovala bwino amene analonjeza kukampezera ntchito yolera mwana ku Lilongwe. Mwezi woyamba anatumiza sopo ndi shuga. Wachiŵiri kunali zii, ndipo kufikira lero sitinamvenso liwu lake.

Amayiwo anagulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya basi. Pa ofesi ina imene anakadandaulako, bambo wokhala pampando sanatsegule nkomwe buku lolembamo madandaulo. Anangoti atsikana amakono amathaŵa ndi amuna, ameneyo adzabwera yekha ali ndi pathupi. Anabwerako atazyolika ngati kuti wolakwa ndi iwo.

Patapita zaka zitatu malume, pokhala mwinimbumba, anasonkhanitsa abale nanena kuti tikwirire thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo, timete, mitima ikhale pansi. Amayi aang'ono, amene chibadwire sanatsutsepo mlongo wawo, anagwada nati: "Alongo, mundikhululukire. Mukakwirira nthochiyo, adzamfunenso ndani mwanayu?" Ndivomere kuti tsiku limenelo ine ndinali mbali ya malume. Diresi lija linali litanditopetsa, ndipo ndinkaganiza kuti kukhala chete ndiko kuchira.

Chimene chinandisintha maganizo chinachitika chaka chomwecho cha 2019, kummwera kwa kwathu. Pa 8 Okutobala, m'chipwirikiti chotsatira chisankho cha mwezi wa Meyi, wapolisi anaphedwa ndi miyala ku Msundwe, pamsewu wa ku Mchinji. Apolisi amene analoŵa pambuyo pake ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwirira amayi ndi atsikana m'nyumba zawo, monga bungwe la Malawi Human Rights Commission linapezera m'Disembala. Aliyense wokulira kumudzi adziŵa kulemera kwake kwa nkhani yotere: ukaulula, ukwati ugwedezeka, ndipo pachitsime anzako aleka kulankhula ukamafika. Komatu amayi ndi atsikana 18 anaulula. Mothandizidwa ndi maloya aakazi a bungwe la Women Lawyers Association anakasuma kubwalo lalikulu la milandu, ndipo m'Ogasiti 2020 woweruza Kenyatta Nyirenda analamula kuti apatsidwe chipepeso. Ndalama sizichotsa chimene chinawachitikira. Koma nkhani yawo inalembedwa m'buku la boma, ndipo palibenso amene angaitche mphekesera.

Kenaka ndinaŵerenga za amayi a mitundu ya eni nthaka ku Canada, ndipo ndinadabwa kumva kuti nawonso, m'dziko lolemera chotero, ankauzidwa mawu omwe aja: mwana wanu wangoyenda, abwera. Apolisi a kumeneko anavomereza mu 2014 kuti pakati pa 1980 ndi 2012 amayi ndi atsikana 1,181 a mitunduyi anaphedwa kapena kusoŵa. Koma asanaŵerenge apolisiwo, amayi anali akuŵerenga kale. Kuyambira 1992 amaguba mumzinda wa Vancouver pa 14 Febuluwale akutchula maina a otayikawo. Mu 2010 mayi wina waluso, Jaime Black, anayamba kusonkhanitsa madiresi ofiira opanda ovala ndi kuwapachika poyera, ndipo tsopano pa 5 Meyi anthu amawapachika m'mitengo ndi m'mazenera. Nditaŵerenga zimenezi ndinachita manyazi, pakuti diresi la kwathu ndinkaliyesa misala ya mayi wolephera kuiŵala.

Ndinawafotokozera amayi aang'ono zonsezi tikutongola chimanga. Za ku Canada sanazisamale kwenikweni, anangofunsa ngati kumeneko kumagwa mvula. Koma za ku Mpingu anafunsa kaŵiri: "Iwe, ukuti analoŵa okha m'khoti, amayi akumudzi ngati ine?"

Sabata yotsatira anagula kope la ana asukulu nandiuza kuti ndizilemba. Tinayenda m'midzi yoyandikana nafe, ndipo tinapeza mabanja ena atatu amene ana awo anapita kuntchito osabwerera. Onse anali atakhala chete, aliyense akuyesa kuti tsokalo ndi lake yekha. Amayi asanu anapita pamodzi ku ofesi ija, atavala zitenje zawo zapaukwati, nakhala pakhonde kuyambira m'maŵa. Dzuŵa litapendeka buku linatsegulidwa, ndipo maina anayi analembedwa.

Mng'ono wanga sanapezekebe. Malume sanatchulenso za nthochi. Manja a amayi aang'ono ayamba kuŵaŵa ndi nyamakazi, choncho chilimwe chino diresi lija ndachapa ndine, ndipo ndinaliyanika pachingwe cha kumaso kwa nyumba, kumene odutsa panjira amaliona.