Kukajambula Nyenyezi pa Nyika

Madzulo ena a mwezi wa Meyi, tili khale pakhonde ku Lilongwe, agogo a ana athu anapempha mdzukulu wawo kuti awalozere kumene kuli Mlalang'amba. Mnyamatayo, wa zaka 14, amene adziŵa maina a oseŵera mpira a ku Ulaya mpaka nambala za malaya awo, anayang'ana kumwamba nafunsa mwaulemu kuti, "Agogo, Mlalang'amba n'chiyani?" Sitinamdzudzule, pakuti mlandu suli wake: mumzinda magetsi ndi fumbi zimaphimba thambo, ndipo zotsala ndi nyenyezi zoŵerengeka chabe. Koma agogo anakhala chete nthaŵi yaitali. Maso awo akhala akuchita chidima chaka ndi chaka, kotero kuti iwo eni sangathenso kuloza zimene anaphunzira ali mnyamata kubusa. Usiku womwewo tinapangana kuti tipite ndi ana kumene kuli mdima weniweni, ndi kuti tikabwereko ndi chithunzi chimene agogo angachisendeze pafupi ndi maso.

Palibe mmodzi wa ife amene anajambulapo nyenyezi. Kamera tinachita kubwereka, pamodzi ndi choimikira chake cha miyendo itatu. Malo tinasankha Nyika, ndipo nyengo tinasankha Julayi, mitambo ya dzinja itapita koma utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke monga umachitira mu Seputembala ndi Okutobala. Tinayang'ananso pa kalendala masiku amene mwezi uli kumdima, chifukwa mwezi woŵala umazimiriritsa nyenyezi zazing'ono monga momwe amachitira magetsi a mumzinda. Agogo anatsala, popeza msewu wake si wa munthu wokalamba, koma anatilaŵira ndi lamulo lakuti, "Mukadzuke tambala asanalire, mukandionere Nsangwe ndi Akamwiniatsatana."

Tinadzera ku Kasungu ndi ku Chikangawa, tinagona ku Mzuzu, ndipo m'maŵa mwake tinapyola Ekwendeni mpaka ku Rumphi, kumene munthu wanzeru amadzaza mafuta ndi kugula zonse zimene waiŵala. Kuchoka pamenepo kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, kudzera ku Bolero ndi pachipata cha Thazima, ndipo msewuwo umaphunzitsa kuleza mtima. Mitengo ya misuku ndi miombo imanka nichepa pamene mukukwera, kenaka dziko limangoti yalu, mapiri a udzu wokhawokha otsatizana ngati mafunde a panyanja, ndi timagulu ta nkhalango tobisala m'zigwa. Nyika ndiyo nkhalango yosungirako nyama yaikulu koposa m'Malaŵi, ndiponso yoyamba, yokhazikitsidwa mu 1965. Chelinda ali pamtunda wa mamita oposa 2,000, ndipo nsonga ya Nganda ipitirira 2,600. Mbidzi ndi chilembwe zinkatiyang'ana m'mbali mwa msewu zosatekeseka konse.

Dzuŵa litangoloŵa, chisanu chinatsika ngati kuti chinkalidikira. Tinavala zonse zimene tinatenga, ndi mabulangete pamwamba, n'kutuluka pabwalo pafupi ndi nyumba. Kutali sitinapite, pakuti kumeneko afisi ndi anyalugwe ndiwo eni usiku. Zimene tinaona sitingathe kuzilemba bwino. Mtsikana wathu anayesa kuti kukubwera mtambo wa mvula, osadziŵa kuti mtambowo ndiwo Mlalang'amba umene tinaudzera.

Koma za kujambula, usiku woyambawo unatithera pachabe, ndipo tiulule kuti cholakwa chinali chathu. Tinasiya kamera kuti idzisankhire yokha zochita monga imachitira paukwati. Inayatsa nyali yake, nijambula udzu ndi nsapato za mnyamata, thambo lili bii. Titazima nyaliyo, diso la kamera linangoyenda uku ndi uku kufunafuna poyang'ana, mpaka linakana kujambula. Pamene tinalikakamiza, nyenyezi zinatuluka ngati madontho a phala, ndipo zina ngati mphutsi, chifukwa chala chinkagwedeza kamera podina. Pamwamba pa zonsezi, aliyense ankayatsa tochi kapena foni mphindi iliyonse, pamene maso a munthu amafuna mphindi 20 kapena 30 za mdima kuti ayambe kuona bwino. Tinakagona okhumudwa, podziŵa kuti ndalama zinangokwanira usiku umodzi wotsala.

Tsiku lotsatira sitinapite kukaona nyama. Tinakhala padzuŵa ndi kabuku ka malangizo a kamera, ndipo ana, amene zala zawo zizoloŵera zinthu zotere, ndiwo anatiphunzitsa ife makolo. Nkhani yonse, aŵerengi, ili pa kusonkhanitsa kuŵala kochepa, monga munthu wotunga madzi pakasupe wodontha: afuna chotengera cha kukamwa kwakukulu ndi nthaŵi yodikira. Choncho kamera iikidwe pa chilembo M, kuti wojambula alamule yekha. Bowo la diso litsekulidwe kotheratu, ndiko kuti nambala ya f ikhale yaing'ono. Yathu inalekeza pa 3.5, ndipo amene ali ndi 2.8 ali ndi mwayi. ISO, imene imakweza mphamvu ya kuŵala kolandiridwa, tinaiika pa 3200, povomera kuti chithunzi chidzakhala ndi timchenga pang'ono.

Chovuta ndi nthaŵi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo kamera ikakhala chitsekulire nthaŵi yaitali, nyenyezi zimaleka kukhala timadontho n'kusanduka timizere. Ojambula ali ndi kaŵerengedwe kakale kothandiza woyamba kumene: gaŵani 500 ndi utali wa diso la kamera m'mamilimita. Diso lathu linali la 18, koma pa kamera zazing'ono zonga yathu liŵerengedwa ngati 27, ndipo yankho lake ndi masekondi 18 ndi pang'ono. Ife tinasankha 15 kuti tisachite kukaika. Tinaphunziranso kuzima kachipangizo kodziyang'anira kokha, n'kumapotoza diso ndi dzanja, ndiponso kuuza kamera kuti idikire masekondi 2 chala chitachoka isanajambule. Tochi tinaikulunga ndi pepala lofiira la masiwiti, chifukwa kuŵala kofiira sikuononga kwambiri maso ozoloŵera mdima.

Usiku wachiŵiri tinayamba cha m'ma 7 koloko ndi Mtanda wa Kummwera, umene nthaŵi imeneyo unali utapendekera kumadzulo, ndi nyenyezi ziŵiri zoŵala zouloza. Yoŵala koposa mwa ziŵirizo ndi Alpha Centauri, imene kuŵala kwake kumayenda zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kutipeze, ngakhale kuti kuŵala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. Mnyamata anaikuza pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, napotoza diso pang'onopang'ono mpaka nyenyeziyo inasanduka kadontho kakang'ono ngati nsonga ya singano. Anadina, tonse tinaima chilili osapuma, ndipo patapita masekondi 15 chithunzi chinaoneka. Munali nyenyezi zochuluka koposa zimene maso athu ankaona, zina zofiirira, zina zobiriŵira ngati thambo la masana, ndipo pambali pa Mtanda panali chibanga chakuda chimene Azungu amachitcha thumba la makala, fumbi la kumwamba lotchinga nyenyezi za kuseri kwake. Mnyamatayo sananene kanthu, anangodinanso.

Pofika 10 koloko, pakati pa Mlalang'amba panali pafupifupi pamutu pathu, pafupi ndi gulu la Chinkhanira ndi nyenyezi yake yofiira ya Antares. Kuŵala kochokera pakati pamenepo kumakhala paulendo zaka pafupifupi 26,000. Zithunzi za thambo lokhalokha zinali zabwino, koma chimene tinachikonda ndi chija tinagwetsa kamera pansi kuti mitengo ya paini ya ku Chelinda iloŵemo, itaima yakuda kunsi kwa nyenyezi. Popanda mtengo kapena phiri, woona chithunzi sadziŵa kukula kwa chimene akuona. Mtsikana anayesanso ndi foni, ataitsamiritsa pamwala n'kuiika pa kajambulidwe ka usiku, ndipo Mlalang'amba unaoneka ndithu, ngakhale mwachizimezime. Amene alibe kamera asadzione ngati otsala.

Tinagona maola atatu, n'kudzuka 3 koloko chifukwa cha lamulo la agogo. Udzu unali mbee ndi chisanu. Nsangwe zinali zitatuluka kale kum'maŵa, zitaunjikana ngati anapiye, nyenyezi zomwe zija zitchulidwa m'buku la Yobu pamodzi ndi Akamwiniatsatana. Zithunzi zoyamba zinatuluka zachifunga, ndipo tinataya mphindi zambiri tisanazindikire kuti diso la kamera lagwa mame. Tinalipukuta ndi kansalu kofeŵa, tinajambula Nsangwe katatu, ndipo pamene Akamwiniatsatana anali kusuzumira pamwamba pa phiri, atatu mumzere wawo, kamera inazima. Batire limatha msanga pozizira. Lachiŵiri liyenera kusungidwa m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, koma ife lachiŵirilo tinalibe. Tinangowaona ndi maso mpaka kunayera.

Ku Lilongwe tinatsukitsa zithunzi ziŵiri papepala lalikulu. Agogo anakhala pawindo, nasendeza pepala mpaka linatsala pang'ono kukhudza mphuno, nayendetsa chala mu Mlalang'amba kuchokera kumitengo kukafika kumapeto. Pa chithunzi chachiŵiri anaŵerenga Nsangwe imodzi-imodzi, nadodoma kuti zachuluka chotere, popeza iwo kubusa ankaona zisanu ndi imodzi, kapena zisanu ndi ziŵiri usiku wabwino. Kenaka anatembenuza pepalalo kuti aone kuseri.

"Nanga Akamwini aja ali kuti?"

"Batire linatha, agogo," anayankha mnyamata. "Koma ndinawaona. Mu Disembala adzakhala kum'maŵa madzulo, ndipo ndidzakujambulirani pompano pabwalo, mitambo ikadzalola."