Zikwangwani za makatoni m'laibulale ya pasukulu

Wakabaza ananditsitsa pabwalo la mpira la sukulu ina ya pulayimale kunja kwa boma la Dedza, atandilipiritsa K2,000, zala zanga zitauma ndi mphepo ya mu June. Sindinafunse njira. Pa mtengo wa bulugamu panali thabwa la desiki yothyoka lolembedwa kuti LAIBULALE, muvi utaloza kuseri kwa kalasi ya Sitandade 8 kumene ana ankabwereza mawu a aphunzitsi awo mokweza.

Pakhomo panali ndowa ya madzi, pamwamba pake pali mawu akuti "Sambani m'manja musanagwire buku". Ndinasamba, ngakhale madziwo anali ozizira koopsa.

M'katimo munkanunkhira fumbi, mapepala akale ndiponso kafungo ka phala. Kudenga kunkalendewera zikwangwani zomangidwa ndi ulusi wosomola ku matumba a feteleza, zilembo zake zazitali ngati chikhatho, ndipo mphepo ikalowa pawindo zinkatembenuka pang'onopang'ono. Chimodzi chinandionetsa kumbuyo kwake. Linali katoni la sopo.

Aphunzitsi oyang'anira chipindachi anaseka. Anati imeneyi ndi TALULAR, njira imene aphunzitsi a m'dziko muno amaphunzira kukoleji, yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Fungo la phala lija linali guluu wa ufa wa chinangwa, wophika m'kampoto mpaka kunanda. Zilembo amazidula ndi lezala pa pulasitiki wa chigubu cha mafuta ophikira, kenako mwana amaika pulasitikiyo pakatoni n'kumadinda ndi kasiponji koviika mu inki, choncho A wa pa alumali yoyamba amafanana ndi A wa pa yomaliza. Zogula kusitolo zinali zitatu zokha: mapepala a manila, maka yakuda ndi selotepi yophimbira pamwamba kuti tizala tathukuta tisafute zolembazo.

Ndinaima nthawi yaitali pa alumali yapakati. Mabuku ake ali ndi manambala a ndondomeko ya Melvil Dewey ya mu 1876, imene imaika sayansi pa 500, zolembalemba pa 800, mbiri ndi za malo pa 900. Koma mwana wa Sitandade 2 angadziwe bwanji kuti 590 ndi nyama? Apa anajambulapo njovu, pansi pake "Nyama", kenako "Animals", nambala ili mwaing'ono pakona. Katoni la njovulo n'lachikasu, ndipo buku lililonse la pamenepo lili ndi kachidutswa kachikasu pamsana, kotero ngakhale wosadziwa kuwerenga amalibwezera pamalo pake. Chikwangwani chosindikiza ku Lilongwe chikanaoneka bwino kuposa ichi, koma sindikhulupirira kuti chikanadziwa kutalika kwa mwana. Zikwangwani za pa alumalizi anazimata m'munsi, moti ine ndinkachita kuwerama, msana ukudandaula.

Kukona yakumapeto, mawu akuti "Nthano" anali atatsala "Ntha". Mphemvu zimakonda guluu wa chinangwa, ndipo chiswe chimakonda katoni.

"Madamu, sizikukhumudwitsani?" ndinafunsa.

"Ayi bambo. Lachisanu ana adula china. Chikanakhala chamtengo wapatali bwenzi tikulira."

Pobwerera ndinalowa m'golosale ya pamsewu kufunsa mtengo wa katoni lopanda kanthu. Mwini wake anati K300, koma ana a sukulu akabwera ndi kalata ya aphunzitsi amawapatsa ulere.