M'NYUMBA YA KANEMA PA LIWONDE

Munthu wochokera ku Zomba akatsika mapiri a Machinga amafika pa Liwonde, mudzi wotentha wa malambe ndi migwalangwa, pamene Shire amadutsa pa Kamuzu Barrage. Alendo ambiri amaima pano pofuna nsomba, ena pofuna kukaona njovu ndi mvuu kunkhalango. Ine ndidapita kumsikako masana ena nditaŵeruka, kukafuna chimene chinkandilanda ana. Mwezi wathunthu anyamata atatu a m'kalasi mwanga ankasoŵa ikangokwana nthaŵi yopuma, ndipo anzawo adandinong'oneza kuti ali ku vidiyo.

Nyumbayo sidavute kupeza, pakuti chimkuzamawu chake chinkamveka kutali. Kadali kanyumba kamalata kopanda zenera. Pakhomo padatsamira bolodi lolembedwa ndi choko, ndipo monga mphunzitsi ndidayamba kuŵerenga. M'maŵa, nkhonya za Jackie Chan. Masana, chikondi ndi magule a Amwenye. Dzuŵa litapendeka, ya ku Nigeria, ya asing'anga ndi azibusa. Madzulo, mpira wa ku Mangalande. Maiko anayi m'bolodi limodzi! Pansi penipeni padali mzere wopanda dzina, wongoti "ya akuluakulu".

Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndidalipira, ndi kukhala pabenchi mumdima, pakati pa akabaza, ogulitsa mandasi ndi tiana tosavala nsapato, Asilamu ndi Akhristu phewa ndi phewa. Chodabwitsa n'chakuti Mtchaina wa m'kanemamo ankayankhula Chicheŵa! Alipo anyamata m'matauni mwathu amene amachotsa mawu a eniake ndi kuikamo awo, kotero kuti ngwazi ya ku Hong Kong imadandaula za nsima ndi ndiwo. Ndivomere pamaso panu, aŵerengi, kuti nanenso ndidaseka.

Mumdimamo ndidakumbuka ubwana wanga. Masiku amenewo kanema ankabwera pa galimoto ya boma mwa apo ndi apo. Ankamanga chinsalu choyera pabwalo la sukulu, ndipo mudzi wonse unkasonkhana: mfumu pampando, amayi pamphasa, ife pafumbi. Tinkaona za ulimi wamakono ndi maulendo a Kamuzu oyendera mbewu m'minda. Kusankha padalibe, pakuti lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe losefa zithunzi ndi mabuku, ndipo wailesi yakanema idadzayamba m'Malaŵi muno mu 1999. Kanema wa masikuwo adali wochepa ndi wopimidwa kwambiri, sindimlira ayi. Chimene ndikulira n'chakuti pobwerera kunyumba agogo ankafunsa kuti, "Waonako chiyani?" Lero zithunzi zachuluka ngati mchenga wa m'Shire, koma wofunsa wasoŵa.

Kanema atatha ndidaitana mwini nyumbayo, mnyamata waulemu ndithu.

"Achimwene, kodi zithunzi za kwathu kuno muli nazo?"

"Abambo, chiyambire ine ntchitoyi, ndinu oyamba kufunsa. Ndimaika zimene anthu afuna. Ya Yesu ndimaika pa Pasaka, ndipo nyumba imadzaza."

Ankanena chithunzi chija cha 1979, chotsata Uthenga wa Luka, chimene chidamasuliridwa m'Chicheŵa. Mawu akewo adandilasa. Zithunzi zathu zilipo. Shemu Joyah adatulutsa Seasons of a Life mu 2008 ndi The Last Fishing Boat mu 2012, nkhani ya msodzi wa kunyanja kwathu konkuno. Mu 2019 kudatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, mbiri ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene adalekera sukulu panjira chifukwa cha njala ndi kusoŵa fizi, koma adaŵerenga mabuku mpaka kupanga magetsi ndi mphepo. Kodi mwana wothaŵa sukulu sangapindule poona mnzake wolirira sukulu? Komatu ife akulu a mpingo takhala tikudzudzula vidiyo paguwa osaloŵamo, osapemphanso chabwino chilichonse.

Tidagwirizana ziŵiri: kuti mwana asaloŵe nthaŵi ya sukulu, ndi kuti mzere wapansi uja ukayamba, ana onse akhale atatuluka. Sindidzinamiza kuti nkhondo yatha. Mnyamatayo ali ndi banja lodyetsa, ndipo khobidi la mwana ndi la mkulu n'lofanana. Mwa anyamata anga aja, aŵiri adabwerera m'kalasi, wachitatu tikumlondolabe.

Tsono, abale ndi alongo, mtumwi Paulo pa 1 Atesalonika 5:21 satilamula kutsinzina, koma kusankha. Mipingo yambiri ili ndi holo ndi magetsi a dzuŵa. Bwanji osaonetsamo chithunzi chabwino Loŵeruka limodzi pamwezi, makolo ali pomwepo, n'kukambirana pambuyo pake? Kuwongola mtengo mpoyamba. Ndipo mwana wanu akafika madzulo ano, mumfunse funso la agogo lija.