Buku la tinkhani ta chess ndimaliwerengera pa bolodi

Ntchito yanga ndi kuphunzitsa ana chess, ndipo makolo sasiya kundifunsa za mabuku. Amene amatikanganitsa kwambiri ndi aja osonkhanitsa izi ndi izo: tinkhani ta akatswiri akale, masewero odabwitsa, mbiri ya amene anaposa anzake pa chakutichakuti. Otchuka ndi monga The Fireside Book of Chess la Irving Chernev ndi Fred Reinfeld, la mu 1949, ndi The Complete Chess Addict la Mike Fox ndi Richard James, la mu 1987. Kodi mwana akawerenga buku lotere amayamba kusewera bwino?

Akamawerenga chogona pamphasa, ayi ndithu. Adzadziwa kuti mu 1989 ku Belgrade, Nikolić ndi Arsović analimbana mpaka kusuntha ka 269 popanda wopambana, koma Loweruka ku mpikisano adzatayabe hatchi yake mwachisawawa monga kale.

Komabe buku lotere sindingalitaye. Lili ngati belo la kaunjika, wofukula modekha amapezamo chovala chenicheni, ndipo kufukulako ndiyo mbali yanga. Ndikapeza pabwino ndimatseka buku, n'kuyala zidazo pa bolodi, yankho osawauza anawo.

Pali kakhalidwe kena ka zida kamene mabuku otere amakonda kusindikiza. Oyera ali ndi mfumu pa b6 ndi pawn pa c6, akuda ali ndi mfumu pa a1 ndi rook pa d5, ndipo oyera ndiwo ayambe. Mwana amatenga oyera, ine akuda. Pawn ikafika pa c7, rook imayamba kuvutitsa mfumu, mfumuyo n'kumatsika b5, b4, b3 mpaka c2. Ndiye ndimabweza rook yanga pa d4. Apa dzanja la mwana limathamangira mfumukazi, ndipo ndimamusiya. Akaiika pa c8 ndimaponya rook pa c4, iye amadya akumwetulira, kenako nkhope imasintha. Mfumu yanga ilibe kolowera ndipo siili pa check. Ndi stalemate, talepherana. Timabwerera m'mbuyo, mwana amagwira mutu nthawi yaitali, mpaka wina pagulupo amanong'ona kuti bwanji pawn isanduke rook. N'zimene anaona wansembe wa ku Spain, Fernando Saavedra, ali ku Glasgow mu 1895. Rook yatsopanoyo ikufuna kumaliza masewero pa a8. Akuda akatchinga pa a4, mfumu imabwerera pa b3, kuopseza rook uku ikutsegulira rook yake njira ya ku c1. Mwana amene wavutika nazo yekha chonchi amayamba kuyang'ana kaye mfumu ya mnzake asanatole mfumukazi, ndipo phindu lakelo ndimaliona m'masewero ake enieni.

Tinkhanito nato tili ndi ntchito, makamaka kwa mwana amene wagonja motsatizana n'kufuna kusiya. Timamubweza pa bolodi. Kungoti si tonse toona. Nkhani ija yoti owonerera anamuwaza Frank Marshall ndalama zagolide atasuntha mfumukazi ku g3 ku Breslau mu 1912 imafotokozedwa mosiyanasiyana. Kusunthako ndiye n'kwenikweni, ndipo ndimafuna ana andifotokozere chifukwa chake mfumukaziyo siidyeka bwino, ngakhale pali njira zitatu zoidyera.

Inu makolo, ngati ndalama ikukwanira buku limodzi lokha, musayambe ndi la tinkhani. Gulani la mafunso oti mwana azithetsa yekha, kapena Logical Chess: Move by Move la Chernev yemweyo, la mu 1957, limene limafotokoza chifukwa cha kusuntha kulikonse m'masewero 33. La tinkhani libwere kachiwiri, ndipo polipereka muonetsetse kuti pakhomo pali bolodi ndi zida zokwanira.