Tisanaphimbe Khoma Lakale

Abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town anazolowera kuona nyumba zokutidwa ndi matabwa a simenti, amene kumeneko amadziwika ndi dzina loti Nutec. Akabwera kumudzi ndi kandalama n'kupeza nyumba ya makolo yasuwa, pulasitala akuyoyoka, timakhala pansi monga banja, ndipo ganizo lobwera msanga ndi loti tiikute ndi matabwa amenewa kuti ioneke yatsopano. Ganizoli si loipa, koma tisanaitane mmisiri, tiyenera kufunsa za chimene chidzatsale kuseri kwa thabwalo likakhomedwa.

Matabwawa ali ndi ubwino wake. Amapangidwa ndi simenti, mchenga wopera bwino, madzi ndiponso ulusi wochokera ku mitengo. Chiswe sichiwadya, sayaka moto, ndipo saola ngati thabwa wamba. Amalandiranso penti bwino. Pa khoma limene mvula ya mphepo imalimenya chaka ndi chaka, amakhala chishango chodalirika.

Koma nyumba zathu zambiri zakale zinamangidwa ndi zidina, kapena njerwa zowotcha zolumikizidwa ndi dothi, ndipo pamaziko pake sipanayalidwe pepala la pulasitiki loletsa chinyontho kukwera. Khoma lotere limamwa madzi kuchokera pansi m'dzinja, n'kuuma ndi dzuwa ndi mphepo m'chilimwe. Tikalikuta mothinana, talitsekera mpweya umene unkaliumitsa. Chinyontho chimakhazikika, dothi limafewa, ndipo mng'alu umene tikanauona ukukula umakula mumdima. Timatabwa tokhomerapo tikakhala tosathiridwa mankhwala, chiswe chimapeza njira yokwera mpaka kudenga popanda wochiona. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene tinaona makoma akugwa ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 tikudziwa kuti khoma lonyowa silichenjeza, ndipo pansi pake pamagona ana.

Choncho ntchito iyambire pansi. Tikumbe ngalande yopatutsa madzi kuti asaime m'mbali mwa nyumba, tikonze khonde, tione ngati denga likutuluka mokwanira kuteteza khoma. Mng'alu wochokera kumaziko uonedwe ndi mmisiri wodziwa, chifukwa matabwa a simenti ndi olemera ndipo khoma lofooka silingawanyamule. Zimenezi zikatheka, matabwa akhomedwe pa timatabwa tothiridwa mankhwala, pasiyidwe mpata woti mpweya uzidutsa kuseri, ndipo thabwa lam'munsi litalikire dothi ndi masentimita osachepera 15. Paliponse pamene thabwa ladulidwa papakidwe penti kuti lisamwe madzi.

Palinso moyo wa mmisiri, umene sitiuwerengera kawirikawiri pokambirana mtengo. Thabwa la simenti likamadulidwa ndi makina louma, limatulutsa fumbi la silika, lomwelo limene linawononga mapapo a agogo athu ena m'migodi ya golide masiku a Wenela. Tikalemba munthu ntchito, tionetsetse kuti akudulira panja, fumbi likuchepetsedwa ndi madzi, ndipo wavala chotchinga mphuno ndi pakamwa chopangidwira fumbi lotere. Ana asasewere pafupi.

Choopsa chinanso chili m'malata otuwa a simenti amene ali pa nyumba zina zakale. Ludwig Hatschek wa ku Austria atayambitsa luso limeneli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ulusi umene ankasakaniza ndi simenti unali asibesitosi, ndipo zinakhala choncho kwa zaka zambiri. Fumbi la asibesitosi limayambitsa khansa imene imaonekera patapita zaka makumi angapo, n'chifukwa chake dziko la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008. Malata oterewa akakhala athunthu, ndi bwino kuwasiya osawakhudza. Kuwaboola, kuwapala kapena kuwaswa pofuna kukhomerapo zatsopano ndiko kumamasula fumbilo.

Ndalama yochokera ku Joni imapezeka ndi thukuta, ndipo sibwera kawiri. Ikakhala yosakwanira zonse, tiyambe ndi ngalande, maziko ndi denga, ngakhale odutsa m'njira sadzaona kusintha kulikonse chaka chino. Matabwa angathe kudikira chaka chamawa, ndipo adzapeza khoma louma loti akhomedwepo.