Mitengo Iwiri ya pa Kalambo

Anthu akasamuka pamudzi, phulusa, makala ndi mapale zitsala pabwinja, ndipo mvula izikwirira caka ndi caka. Ofukula zakale adziwa kuti ca pansi penipeni ndico cinayamba kugwa. Cifukwa cace sakumba ngati ana ofuna mbewa. Apala dothi pang'onopang'ono, nalemba malo a kanthu kalikonse, pakuti mwala wocotsedwa pamalo pace uli ngati mboni yosalankhula.

M'caka ca 1953 Desmond Clark anapeza nkhwangwa zamwala kumtunda kwa mathithi a Kalambo, pafupi ndi Mbala. M'caka ca 2019 ena anakumbanso komweko, napeza mitengo iwiri yopingasana, wapamwamba wosemedwa pakati kuti ukhale bwino pa unzace. Sinaole, popeza inagona m'dothi lodzala madzi, mosalowa mpweya. Poyesa mcenga umene unaikwirira, kuti unaona dzuwa liti komaliza, anapeza zaka zosacepera 476,000.

Ambiri anali kuganiza kuti anthu a nthawi imeneyo anali oyendayenda cabe, otsata nyama ndi zipatso. Koma munthu wocoka mawa sadzibvuta ndi kusema cipika cotere. Kapena wosemayo anakhalitsa pamtsinjepo, pakuti madzi analipo, nkhalango inaliponso.