Jin si kilo

Tsiku lina pa pulogalamu ya alimi tinawelenga nkhani ya zokolola za mpunga ku China. Pepala linali na mau awili acilendo, jin na mu. Nthawi inali itatithela, ndiye tinangoti kilo na hekitala. Tikalibe kutsiliza, agogo ena anatuma foni: "Ana inu, ngati hekitala ibala tumpunga tocepa conco, anthu a ku China amadya ciani?"

Agogo sananame. Jin ni hafu ya kilo, magalamu 500. Mu ni kamunda kang'ono, pafunika 15 kuti hekitala ikwane, ndiye kuti lima yathu imodzi ili pafupi na ma mu anai. Ngakhale jin imeneyi siilingana konse: ku Taiwan ni magalamu 600, ku Hong Kong pafupifupi 605. Kale inali kugawidwa m'ma liang 16, koma mu 1959 boma la China linaika 10.

Manyazi anatigwila, cifukwa ife timagula cimanga pa meda, ndipo munthu akaicha kilo tingamuseke. Mlungu wotsatila tinapepesa kwa omvela, n'kuwelenganso manambala onse m'makilo na m'malima. Agogo aja sanatumenso.